Nyali ikazima pakati pa madzi

Dzuwa likalowa kuseri kwa mapiri a kumadzulo, dera la Mfumu Nyachikadza m'boma la Nsanje limakutidwa ndi mdima wa ndiwe yani. Uku madzi, uko madzi, pakati bango ndi udzudzu. Timagetsi timene timaphethira apa ndi apo ndi ta matochi, mafoni a m'manja ndi nyali za sola zimene eni ake amaziyanika padzuwa tsiku lonse ngati mphale.

Derali lili m'dambo la Ndindi, kumunsi kwenikweni kwa mtsinje wa Shire, m'malire ndi dziko la Mozambique. Wopita kumeneko amayenera kukwera bwato n'kuwoloka madzi momwe muli ng'ona ndi mvuu. Kwa zaka zambiri boma lakhala likupempha anthu a m'derali kuti asamukire kumtunda kaamba ka madzi osefukira, koma ambiri sadachoke. Chifukwa chake n'chodziwika: madzi akaphwa amasiya nthaka yachonde imene imabereka chimanga, mbatata ndi nyemba, ndipo m'madambomo muli milamba ndi makakana.

Kumalo otere moyo wa banja lonse ukhoza kudalira tochi imodzi. Madzi osefukira safunsa nthawi. Adabwera mu Januwale 2015, adabweranso mu Malichi 2019 m'nyengo ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, kenaka mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Akalowa m'mudzi pakati pa usiku, mayi amafuna kuwala kuti awerenge ana ake, aone pamene pali bwato, aonenso njoka imene nayo ikuthawira pachulu chomwecho.

Nkhaniyi ikukhudzanso a m'matauni. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira m'boma la Chikwawa, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi adakhala akuzimazima kwa miyezi yambiri. Ngakhale mabanja olumikizidwa ku Escom adathamangira kumsika kukagula matochi ndi nyali za sola.

Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi, pamene oposa theka ankadalira matochi a mabatire. Koloboyi wa parafini adasiyidwa pang'onopang'ono. Lero m'misika ya Nchalo, Ngabu, Bangula ndi pa boma la Nsanje, mabenchi a ogulitsa adzaza nyali zamitundumitundu. Koma m'makomo ambiri mulinso kadengu kapena kakatoni kodzaza nyali zakufa, zina zimene sizidathe ngakhale nyengo imodzi ya dzinja.

Adani atatu

Kachipangizo kowala ka nyali zamakonozi, kotchedwa LED, sikafa msanga. Ngati kadapangidwa bwino kakhoza kuyaka maola 25,000 kapena kuposerapo. Zimene zimayamba kufa ndi zozungulira: batire, swichi, waya ndi polowetsa chaja. Ndipo kuchigwa cha Shire zinthu zimenezi zili ndi adani atatu.

Woyamba ndi madzi. Nyali sichita kufuna kugwera mumtsinje kuti ionongeke. Chinyezi cha m'dambo, mame a m'mawa pabwato ndi denga lothonya zimalowa pang'onopang'ono mpaka tizitsulo ta mkati tichite dzimbiri.

Wachiwiri ndi mchere. Mijigo yambiri m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi a mchere, ndipo m'malo ena nthaka imachita kuyera ndi mchere m'chilimwe. Madzi otere amadutsitsa magetsi mosavuta komanso amafulumizitsa dzimbiri. Dzanja lonyowa lochokera pamjigo, ngakhalenso thukuta, limasiya mcherewo paswichi tsiku ndi tsiku.

Wachitatu ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala chigwachi chimatentha kupitirira madigiri 40. Batire losiyidwa padenga la malata m'nyengo imeneyi limakalamba msanga, ndipo pakatha miyezi ingapo silisunganso moto monga poyamba.

Oweta matanthwe amoyo

Kutali ndi Nsanje kuli gulu lina la anthu limene limalimbana ndi adani omwewa. Awa ndi anthu a ku Ulaya, America, Japan ndi South Africa amene amaweta zamoyo za m'nyanja ya mchere m'mathanki agalasi m'nyumba zawo. Ndi ntchito yodya ndalama, koma nzeru zimene adatola pa nkhani ya nyali n'zothandiza ngakhale kwa msodzi wa pa Shire.

Madzi a Shire akathira mu Zambezi amakathera m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean. M'mbali mwa nyanjayo, monga ku zilumba za Bazaruto ndi Quirimbas m'dziko la Mozambique, pansi pa madzi pali matanthwe amitundu yokongola amene pachizungu amati coral. Kuwaona ungati ndi miyala kapena maluwa, chonsecho ndi tizilombo ting'onoting'ono tambirimbiri tokhala pamodzi, timene timadzimangira tinyumba ta mwala wonga laimu.

M'thupi mwa tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso. Nderezo zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga amachitira masamba a chimanga, ndipo gawo lalikulu la chakudyacho amadya ndi mwini nyumba. Choncho munthu akaika matanthwewa m'thanki pabalaza, ayenera kuwapangira dzuwa lawolawo. Nyali ikalakwika, ziwetozo zimafa ndi njala.

Kuwala kukachepa, matanthwewo amathimbirira ndipo sakula. Kukachuluka mwadzidzidzi, amalavula ndere zawo n'kuyera mbuu ngati fupa, ndipo zikapitirira amafa. Kuyera kotereku kumachitikanso m'nyanja mwenimweni madzi akatentha kwambiri. Mu 1998 matanthwe ambiri a m'nyanja ya Indian Ocean adaonongeka motero, ndipo mu Epulo 2024 bungwe la NOAA la ku America lidalengeza kuti vutoli lagwa pa dziko lonse kachinayi.

Mtundu wa kuwala nawonso ndi wofunika. M'madzi, kuwala kofiira kumathera m'mamita ochepa a pamwamba, pamene kwa buluu kumalowa pansi patali. Matanthwewa adazolowera kwa buluuko. N'chifukwa chake Amalawi a ku Joni amene adalowapo mu uShaka Marine World ku Durban kapena Two Oceans Aquarium ku Cape Town amakumbukira mathanki owala buluu.

Kale oweta ankagwiritsa ntchito mababu a metal halide, owala kwambiri koma odya magetsi ndi otenthetsa madzi. Padabweranso machubu a T5, amene amayenera kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse chifukwa amafooka ngakhale diso la munthu silizindikira. Lero ambiri ali pa LED. Amayatsa maola 8 mpaka 12 patsiku, ndipo akagula nyali yatsopano amayamba ndi kuwala kochepa n'kumaonjezera pang'onopang'ono kwa milungu ingapo.

Mavuto awo ndi odziwika. Timadontho ta madzi a m'thanki tikadumphira panyali timauma n'kusiya chikhungwa choyera cha mchere chimene chimatchinga kuwala ndi kukwawira m'mawaya. Fumbi likatseka kafani koziziritsa, nyali imatentha n'kuyamba kuphethira kapena kuzima yokha. Pothana ndi zimenezi, iwo amapachika nyali pamwamba pamene madontho safika, amaipukuta kawirikawiri ndi kansalu konyowetsedwa ndi madzi opanda mchere, ndipo amaisiyira mpata wopita mphepo. Waya amamulekerera kuti alendewere kutsika kuposa soketi, kuti dontho loyenda ndi wayayo ligwere pansi m'malo molowa m'magetsi. Nyali ikafa, amayamba kufufuza chinthu chotchipa asadataye chodula.

Ana a mimba imodzi

Wina angafunse kuti nyali ya thanki la munthu wolemera ku London ikugwirizana bwanji ndi tochi ya pa Marka. Yankho lili m'kati mwa tochiyo. Mukaizimitsa n'kuyang'ana bwino, muona kadontho kachikasu. Pansi pa kachikasuko pali LED ya buluu, ndipo utoto wachikasuwo ndiwo umasintha kuwala kwake kuti kuoneke koyera.

LED ya buluu yowala bwino idapezeka ku Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo akatswiri atatu, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, adalandira nayo mphoto ya Nobel mu 2014. Opereka mphotoyo adatchula anthu oposa 1.5 biliyoni amene padali pasadafike magetsi kwawo kuti ndi ena mwa odzapindula, poti nyali yosadya moto wambiri ikhoza kuyaka ndi sola yaing'ono.

Kusinthaku kudafikanso pa nyanja ya Malawi. Asodzi a kauni, amene amakopa usipa ndi kuwala usiku, kale ankadalira nyali za parafini za Tilley, koma ambiri adasamukira ku mababu a LED oyaka ndi batire. Nazonso nsomba za mbuna, zimene malemu Stuart Grant adayamba kutumiza kunja kuchokera ku Salima m'zaka za m'ma 1970, zimasambira pansi pa nyali zotere m'mathanki a m'mayiko ambiri, ngakhale izo, pokhala za m'madzi opanda mchere, sizifuna kuwala kwamphamvu ngati matanthwe aja.

Pogula, osatengeka ndi katoni

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nyali zambiri pamsika zimakhala m'makatoni olembedwa manambala aakulu a mawati amene kanthu kokwana m'dzanja sikangafikeko. Mawati amanena za moto umene nyali imadya. Kuwala kumayezedwa m'malumeni. Koloboyi amapereka malumeni pafupifupi 10, nyali yoti mwana awerengere imafuna 25 kapena kuposerapo, ndipo younikira chipinda chonse ifike 100 kapena kupitirira. Funsaninso kuti imayaka maola angati ikatchajidwa tsiku limodzi.

Kwa okhala m'mbali mwa madzi, pali chizindikiro china chofunika: zilembo za IP zotsatiridwa ndi manambala awiri. Nambala yoyamba imanena za fumbi, yachiwiri za madzi. Nyali ya IP65 silowa fumbi ndipo imapirira madzi owazidwa. Ya IP67 ikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi. Yopanda chizindikirochi muziitenga ngati mchere, isakhudze madzi.

Tembenuzani nyaliyo muone ngati idamangidwa ndi masikuluu. Yomatidwa ndi guluu, batire likafa nayonso yafa, pamene ya masikuluu mmisiri akhoza kuitsegula n'kuikamo lina. Ndi bwinonso kusankha imene sola yake ndi yapadera, yokhala ndi waya wautali, kuti sola ikhale padenga pamene nyali ndi batire zili pamthunzi m'nyumba.

Musachoke opanda lisiti ndi pepala la chitsimikizo. Pali ndondomeko ya pa dziko lonse yotchedwa VeraSol, imene idachokera ku pulogalamu ya Lighting Global ya World Bank, yoyeza nyali za sola ngati zikuchitadi zimene zalembedwa pakatoni. Nyali zovomerezedwa kumeneko zimayenera kukhala ndi chitsimikizo cha chaka chimodzi kapena kuposerapo. Muno m'dziko, bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo loona za ubwino wa katundu, ndipo la MERA limapereka ziphaso kwa oika magetsi a sola. Wogulitsa amene akukana kulemba lisiti wakuuzani kale za katundu wake.

Kudambo kulinso nkhani ya tizilombo touluka. Kuwala koyera mopita kubuluu kumatikopa kwambiri kuposa kofiirira pang'ono. Pakhonde kapena pamalo odyera, babu lofiirirako limachepetsa alendo ogwera mundiwo, ngakhale neti ya udzudzu ifunikabe.

Ikafa, yambani ndi chotchipa

Safunsa adadya phula. Nyali isadaponyedwe m'kadengu ka zakufa, ifunsidwe mafunso motsatana, monga amachitira oweta matanthwe aja.

Yambani ndi sola. Fumbi, zitosi za mbalame ndi mthunzi wa nthambi, ngakhale utagwa pakona imodzi yokha, zimachepetsa moto kwambiri. Ipukuteni ndi nsalu yofewa ndi madzi abwino, chifukwa a pamjigo wa mchere amasiya zoyera pagalasi. Popeza Malawi ali kummwera kwa dziko lapansi, sola iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka. Kenaka itchajeni masiku awiri athunthu nyali ili yozimitsa. Nyali zina zimene amati zafa zimadzuka pamenepa.

Zikakanika, tsatirani waya kuchokera kusola mpaka kunyali. Makoswe amatafuna, chitseko chimapana, ndipo waya amakonda kuduka mkati pafupi ndi pulagi pamene amapindidwa kawirikawiri. Bwerekani wina kwa mnansi muyese. Ngati polowetsa chaja pali zobiriwira kapena zoyera, palani mosamala ndi kamtengo kouma kapena kaburashi.

Nyali imene imayaka mukaigwedeza n'kuzima mukaisiya, kawirikawiri vuto limakhala swichi kapena kasipulingi kochita dzimbiri. Izi mmisiri wa mawailesi amakonza pamtengo wochepa. Imene imawala bwino poyamba koma n'kufooka pakangopita kanthawi, chonsecho yatchajidwa tsiku lonse, ndiye kuti batire lakalamba. Latsopano likhale la mtundu womwewo ndi mavoti omwewo. Batire lotupa, lotentha kwambiri kapena lonunkha musalitchajenso, poti likhoza kuyaka moto.

M'nyumba za sola yaikulu ya mavoti 12, mababu amanena okha pamene pali matenda. Onse akafooka pamodzi, yang'anani batire kapena sola. Likafooka limodzi, lisinthanitseni ndi lina. Vuto likasamuka nalo, lafa ndi babulo. Likatsala pamalo pomwepo, ndi waya kapena swichi. Babu la kuchipinda chakutali limakhala lofooka ngati waya ndi wopyapyala komanso wautali, chifukwa moto umathera panjira.

Mabanja ambiri amapha mabatire awo posadziwa. Kulumikiza sola mwachindunji kubatire popanda kabokosi koyang'anira katchajidwe kumaliwiritsa mpaka kuliumitsa. Kuligwiritsa ntchito mpaka kutheratu moto usiku uliwonse kumalifupikitsa moyo, makamaka la galimoto, limene silidapangidwire ntchito imeneyi. Likafuna madzi, thiranimo okhawo a batire ogula m'botolo. Mitu yake ikachita zoyera, tsukani ndi madzi ofunda osungunuliramo soda, umitsani, mangani bwino n'kupakapo Vaseline.

Pafupi ndi batire pakhale fyuzi. Mawaya opotana ndi manja n'kukulungidwa ndi jumbo pansi pa denga la udzu ndi ngozi, chifukwa batire la mavoti 12 lili ndi mphamvu yokwanira kufiiritsa waya ndi kuyatsa nyumba.

Ikamira m'madzi

Nyali kapena tochi ikatoledwa m'matope, mtima umafuna kuiyatsa nthawi yomweyo kuti uone ngati ili moyo. Apa ndi pamene ambiri amaimalizira. Magetsi akadutsa m'kati monyowa amaotcha tizipangizo timene tikadapulumuka.

Chotsani batire msanga ngati n'kotheka. Tsegulani nyaliyo, tsukuluzani matope ndi madzi oyera opanda mchere, kenaka iumitseni pamthunzi popita mphepo kwa masiku atatu kapena kuposerapo. Pamoto kapena pamalata otentha ayi. Batire la lifiyamu limene lidamira n'kwabwino kulisintha kusiyana ndi kulikhulupirira.

Kupewa n'kotchipa. Ndowa yapulasitiki ya chivindikiro chothina, yopachikidwa kudenga, ikhoza kusunga tochi, foni, wailesi yaing'ono, ziphaso ndi mabuku a kuchipatala. Tochi ya pabwato imangiriridwe chingwe chovala m'khosi. Batire lalikulu likhale pathandala lokwera osati pansi, ndipo mawaya ake alendewere asadafike pamitu, monga amachitira a mathanki aja, kuti madzi othonya kudenga asayende nawo.

Batire lakufa nalo lili ndi ngozi yake. Lalikulu lili ndi asidi ndi mtovu, poizoni amene amaononga ubongo wa ana. Ena amaliswa kuti asungunule mtovuwo n'kupanga zolemetsa maukonde, koma utsi ndi fumbi lake zimadwalitsa banja lonse. Lisatayidwe mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Libwezedwe kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale.

Mvula kuchigwa cha Shire imayamba cha mu Novembala kapena Disembala, ndipo madzi amakonda kusefukira pakati pa Januwale ndi Malichi. Machenjezo a nthambi yoona za nyengo ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA amafika kudzera pawailesi ndi pafoni, zimene m'midzi ngati ya kwa Nyachikadza zimatchajidwa ndi sola yomwe ija younikira nyumba. Sola ikafa, banja limataya kuwala ndi uthenga nthawi imodzi.

Choncho pamene abambo akumata mabwato ndi kufolera madenga mu Okutobala, nyali nazo zitsitsidwe, zipukutidwe ndi kuyesedwa usiku wathunthu kuti zioneke maola amene zikuyaka. Imene yalephera ipite kwa mmisiri njira zikadali zouma.